Kambalame kagalasi komwa madzi kayamba ulesi

Mayi a Chikondi: Alamu anga anabweretsera ana kachidole kagalasi kooneka ngati mbalame yovala chipewa, kamene kamawerama n'kuviika mlomo m'kapu ya madzi kenaka n'kudzuka kokha, popanda batire kapena waya. Mu Okutobala kankagwira ntchito usana ndi usiku, koma chiyambireni mvula kakuchita ulesi. Kodi kawonongeka?

Mphunzitsi Wopuma: Sikanawonongeke, mayi. Mutu wake ndi wokutidwa ndi kansalu, ndipo madzi akamauma pakansaluko mutuwo umazizira. Kuzizirako kumachepetsa mphamvu ya nthunzi ya m'mutumo, motero mankhwala amadzimadzi ofiira a m'mimba mwake amakankhidwa n'kukwera m'khosi mpaka mutu utalemera n'kugwera m'kapu. Kakawerama, mankhwalawo amatsikiranso m'mimba ndipo kamadzuka. M'dzinja mpweya umakhala ndi chinyontho chambiri, choncho kansaluko kamachedwa kuuma monga zimachitira zovala pachingwe. Luso limeneli ndi lakale ndithu, pakuti Miles Sullivan wa ku America analandira chiphaso cha umwini wake mu 1946.

Bambo a Mphatso: Ine ndinakaika pafupi ndi fani ndipo kanayambanso changu. Nditathira sipiriti m'kapu m'malo mwa madzi kanafulumira koposa, ngakhale fungo lake linatisowetsa mtendere.

Agogo Nabanda: Mwanawe, mankhwala ofiirawo si madzi, kawirikawiri amakhala dichloromethane, mankhwala apoizoni amene sachedwa kusanduka nthunzi, ndipo galasilo ndi lopyapyala kwambiri. Kakasweka mutsegule mawindo, ndipo ana asakhudze. Kaikeni pamwamba pa kabati kuti azingoonera.