Wamasiye wa msilikali wa Army Reserve, fomu ya RCSBP (ndalama zosiyira banja msilikali akamwalira) sikuoneka: tiyambire pati?

Mlangizi wa ku Indiana:
Anzanga a ntchito, ndithandizeni nzeru. Dzulo kunabwera mayi wina wakwathu, amuna ake anamwalira mwezi watha ali ndi zaka 54. Malemuwo anatumikira mu Army Reserve (asilikali a ku America otumikira mwa apo ndi apo), kalata ya zaka 20, yotsimikiza kuti watumikira zaka zokwanira kudzalandira pensheni, analandira mu 2012, koma pensheni anali asanayambe kudya poti zaka 60 zinali zisanakwane. Mayiyu anafika ndi jumbo lodzaza mapepala, tinakhuthulira patebulo n'kusanthula limodzilimodzi. Kalata ya zaka 20 ilipo, yothimbirira khofi pakona. Koma DD Form 2656-5, fomu ya RCSBP yomwe msilikali amasankhirapo chitetezo cha banja lake, palibe. Ku ofesi ina komwe anaimba foni anangomuuza kuti popanda fomuyo palibe chake. Ine zanga n'zamisonkho, za asilikalizi ndimangodziwa pamwamba.

Achemwali a ku Dallas:
Amene anamuyankha choncho sanafufuze. Lamulo linasintha pa 1 Januwale 2001. Kale munthu akapanda kusankha m'masiku 90 atalandira kalata ija, banja linkakhala pamtetete mpaka iye akwanitse zaka 60. Kuyambira 2001, msilikali wapabanja akangokhala chete amaikidwa pa Option C, kutanthauza kuti akamwalira, mkazi amayamba kulandira nthawi yomweyo. Ndipo kuti asankhe A (kukhala wopanda chitetezo mpaka zaka 60) kapena B (ndalama zoyamba pomwe iye akanakwanitsa zaka 60) pamafunika mkazi asaine pamaso pa notary, mboni yovomerezeka ndi boma, kuti wavomera. Choncho kusowa kwa fomuyo mwina ndi nkhani yabwino. Mufunseni ngati akukumbukira kuti anasainapo chinthu chotere mu 2012.

Mlangizi wa ku Indiana:
Apo ndiye pali mfundo, achemwali. Mu 2012 iyeyu kunalibe. Bamboyo anali ndi mkazi wina, ukwati unatha kukhoti mu 2015. Awa anakwatirana mu 2018.

Mkulu wopuma, Maryland:
Eya, ndimadikira zomwezo. Achimwene, siyani kaye kusakasaka fomu, pezani chigamulo cha khoti cha 2015 muwerenge mzere ndi mzere. Ukwati ukatha, chitetezo cha mkazi chimaima. Chimapita kwa mkazi wakale pokhapokha mwamunayo atalemba yekha pasanathe chaka, kapena khoti litalamula ndipo mkazi wakaleyo atatumiza DD Form 2656-10, fomu yopempha kuti chitetezocho chikhale chake, pasanathe chaka chigamulo chiperekedwe. Ngati zimenezo zinachitika, ndalama ndi za mkazi wakale, ndipo mayi wanuyo mumuuze mosabisa. Ngati sizinachitike, mkazi watsopano amalowa m'malo ukwati wawo ukakwanitsa chaka chimodzi, bola mwamunayo sanalembe zokana.

Ndaonapo akazi akale ambiri atanyamula chigamulo cha khoti chonena bwinobwino kuti SBP, ndalama yosiyira banja ija, ndi yawo, koma loya wawo sanawauze za chaka chimodzi chija. Pepala la khoti lokha, litagona m'kabati, siligwira ntchito.

Achemwali a ku Dallas:
Komabe pali njira ina yomwe ingamupweteke: ngati mu 2012 anasankha Option A, mkazi woyambayo n'kusaina. Pamenepo amene wamwalira asanafike 60 sasiyira banja kanthu. Ikakhala B, ndalama zilipo koma adikira mpaka tsiku lomwe malemuwo akanakwanitsa zaka 60. Zaka 6 za lendi si masewera.

Mlangizi wa ku Indiana:
Nanga zomwe anasankhazo tikazipeza kuti? Ndimati ndilembere DFAS, ofesi ya zandalama za asilikali.

Mkulu wopuma, Maryland:
DFAS ndi olipira, koma munthu yemwe sanayambe kulandira pensheni fayilo yake imakhala ku nthambi yake ya usilikali. Kwa Army Reserve lemberani Human Resources Command ku Fort Knox. Tumizani DD Form 2656-7 (fomu yopemphera ndalamayo), satifiketi ya imfa, satifiketi ya ukwati wa 2018 ndi chigamulo cha 2015 chija. Ndati satifiketi, osati zithunzi za pachinkhoswe. Anthu akwathu pamenepa timapunthwa. Akakana pa chifukwa chomwe mukuona kuti n'cholakwika m'mabuku awo, pali DD Form 149 yopempha bungwe lokonza zolembedwa za asilikali liunikenso. Musazengereze, pempho la ndalama ku boma likadutsa zaka 6 limafa.

Namwino wa ku Ohio:
Ine ndingowonjezapo ziwiri poti ndimagwira ndi mabanja otere kuchipatala. Ngati imfayo ikukhudzana ndi matenda a kuusilikali, apemphenso DIC, chipukutamisozi cha mwezi ndi mwezi cha amasiye, ku VA, unduna woona za asilikali opuma. Kuyambira Januwale 2023 sachotseranso ndalama za DIC pa SBP, amalandira zonse ziwiri. Chinanso, mayiyo ali ndi zaka zingati?

Mlangizi wa ku Indiana:
47. Ndipo akufunsa kuti ndalamayo ingakhale yochuluka bwanji.

Namwino wa ku Ohio:
Mumuuze msanga kuti akakwatiwanso asanafike zaka 55, ndalamayo imaima, imadzabwerera ukwati watsopanowo ukatha. Achibale kumudzi sachedwa kuyamba zomupezera banja.

Achemwali a ku Dallas:
Pa kuchulukako, lamulo limati 55 peresenti ya ndalama yomwe anaikira chitetezo, koma pensheni ya wa Reserve imawerengedwa ndi mapointi omwe msilikali amapeza potumikira, choncho musamulonjeze nambala musanaone chikalata cha mapointi ake.

Mlangizi wa ku Indiana:
Chikalata cha mapointi ndinachiona m'jumbo muja. Chigamulo cha 2015 ndiye mulibe, ndamuimbira kuti mawa tipite limodzi kukhoti la kauntiyo tikatenge kope.