Ndithandizeniko, pambuyo pa Dummy ndimvere chani?

Anzanga okonda nyimbo ndithandizeniko apa. Mwezi wathawu mnzanga wina wa kuntchito kuno ku Bristol anandibwereka CD ya Dummy, chimbale cha gulu loimba la Portishead cha 1994 chija, ndiye mpaka pano sindinamubwezere, ndikamaweruka shifiti ya usiku ndimangokhala kumbuyo kwa basi mahedifoni m'makutu, mpaka tsiku lina ndinapitirira siteji yanga. Mawu a woimba wawo Beth Gibbons aja ngati munthu akufuna kulira koma akudzigwira, ng'oma za hip-hop zoyenda mwaulesi, ndi kaphokoso kaja ngati mbale yakale yokandika. Nditamva kuti zina ankaimba okha, nkuziika pa vinyl kenako nkuzikanda dala kuti zimveke zakale, ndinangoti eeh anthu awa. Mphoto ya zoimba ya Mercury Prize imene analandira mu 1995 ija sanaibe ayi.

Chimbale cha Mezzanine cha gulu la Massive Attack ndayesa, bezi yake ndiyolemera kwambiri kwa ine. Ndiye funso langa, ndi oimba ati a masiku ano amene mukawamva mumadziwiratu kuti anayamwa kwa Portishead? Komanso chimbale cha Maxinquaye cha woimba Tricky ndigule kapena ndingotaya ndalama?