Thandizeni anzanga, mwana wathu waima pa 1:10

Kochi wa ku Blantyre

Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Mu timu yanga yosambira ndili ndi mtsikana wa zaka 14, ali Fomu 2, ndayenda naye kuyambira ali ndi zaka 8. Chaka chatha ankasambira mamita 100 a freestyle (kusambira chafufumimba, manja akusinthana) pa 1:09, kutanthauza mphindi imodzi ndi masekondi 9, ndipo gala (mpikisano wosambira) iliyonse ankadulako kenakake pa nthawiyo. Kuyambira Okutobala sanatsikenso, akungozungulira pa 1:10 ndi 1:11. Titapita ku Lilongwe, pa dziwe la mamita 50 lija anamangira masewera a Region 5 a 2022 (a achinyamata a maiko a kum'mwera kwa Africa), anachita 1:13, n'kutuluka m'madzi misozi ili mbwembwembwe.

Ndinaganiza kuti mphamvu zachepa, ndiye mu Febuluwale ndinawonjezera ntchito: masiku 6 pa sabata, mamita 5,000 pa tsiku m'malo mwa 3,500, ma paddles (timatabwa tapulasitiki tovala m'manja posambira) kawiri pa sabata. Pano akudandaula phewa lakumanja, ndipo pa mamita 25 omaliza manja amangolemera. Bambo ake akundifunsa tsiku ndi tsiku za masewera a Olimpiki a ku Los Angeles mu 2028, ati Joyce Tafatatha, wosambira wa kuno ku Malawi, anapita ku Olimpiki ya ku London mu 2012 ali ndi zaka 14 zomwezi. Gala yaikulu yatsala masabata 7. Ndiwonjezere, ndichepetse, kapena ndimusinthe stroke (mtundu wa kasambiridwe)?

Kochi wachinyamata, Mzuzu

Achimwene, ine ndikuona ngati vuto ndi liwiro. Mamita ambiri osathamanga amamuphunzitsa mwana kusambira mozizira. Muyeseni kusambira mamita 25 maulendo 12 mwamphamvu zonse, azipuma mokwanira pakati. Anyamata anga awiri anatsika ndi njira imeneyi.

Mdala wa ku Zomba

Mwana wanga wa ku Mzuzu, mankhwalawo ndi abwino koma si a matenda awa. Anyamata ako akatha msinkhu thupi limawapatsa minofu yaulere, nthawi zimatsika ngakhale kochi atagona. Kwa atsikana zimayenda mwina. Thupi limasintha kaumbidwe, kulemera kumabwera msanga mphamvu zisanafike, ndipo mwana amene ankadziwa pamene dzanja lake likulowera m'madzi amayamba kuphunziranso thupi lachilendo. Ndaona atsikana ambiri ataima chaka chathunthu pa msinkhu umenewu, kenaka n'kuyambiranso kutsika. Amene ndinawataya ndi aja tinawaunjikira mamita mpaka kudana nawo madzi.

Za 1:13 ya ku Lilongwe musavutike nazo kwambiri. Pa dziwe lanu la mamita 25, mu 100 mwana amatembenuka katatu, ndipo khoma lililonse limamukankha n'kumupumitsako manja. Pa la 50 amatembenuka kamodzi kokha. Sekondi imodzi kapena ziwiri zimapita pamenepo. Mufotokozereni mwanayo zimenezi, chifukwa iye akuganiza kuti wabwerera m'mbuyo masekondi anayi.

Ndifunseko: watalika bwanji chaka chino?

Kochi wa ku Blantyre

Zikomo bambo. Ndimawayeza pa khoma la ku store room teremu iliyonse. Watalika masentimita 6 kuchokera Epulo wa chaka chatha.

Mayi Kochi, Lilongwe

Achimwene a ku Blantyre, pepani ndilankhula mosabisa, pano tonse ndife akuluakulu. Mwatchula phewa, mamita ndi bambo ake, koma simunatchule chinthu chimene mtsikana wa zaka 14 sangakuuzeni inu bambo. Anayamba kupita kumwezi? Akakhala kumwezi amataya magazi ochuluka bwanji? Alipo masiku amene amajomba popanda chifukwa chomveka?

Chimene chandigwira mtima ndi mawu anu akuti manja amalemera pa 25 yomaliza. Mwana wochepa magazi amayamba bwino, koma pothera mpweya sufika ku minofu. Amapuma mwawefuwefu pa set imene kale ankaimaliza akucheza, amamva chizungulire potuluka m'madzi, m'kalasi amasinza. Ife makochi timati ndi ulesi, n'kumuwonjezera mamita. Ndinalakwitsapo chimodzimodzi kwa mtsikana wina, mpaka lero zimandipweteka, chifukwa anasiya kusambira tisanadziwe kuti vuto linali magazi.

Musamufunse nokha. Itanani mayi ake, kapena aphunzitsi aakazi amene amawamasukira, akambirane. Kenaka apite kuchipatala akayezetse Hb (muyezo wa kuchuluka kwa magazi), ndipo ngati kuli kotheka ferritin (muyezo wa ayironi wosungidwa m'thupi), chifukwa ayironi wa m'thupi amatha kuchepa Hb isanatsike. Pa msinkhu wakewo Hb yochepera 12 ndiye kuti magazi ndi ochepa.

Kochi wa ku Blantyre

Achemwali, mwandikhudza. Zoona amajomba masiku awiri kapena atatu mwezi uliwonse, ati mutu. Ine ndimangolemba m'kaundula. Anadwalanso malungo mu Januwale, anabwerera m'madzi patangotha masiku 5.

Kochi wa ku Mangochi

Malungo amaphwanya magazi, ndiye mu Febuluwale inu n'kuwonjezera ntchito pamwamba pake. Koma ndifunse za kwathu kuno. Mwanayu amabwera kunyanja? Ana osambira akafika ku Cape Maclear kapena ku Nkopola satuluka m'madzi tsiku lonse. Likodzo silisankha kuti uyu ndi wa mpikisano. Ena amaona magazi mu mkodzo, ena saona kalikonse, amangofooka. Akamayeza magaziwo ayezenso mkodzo, ndi ulendo umodzi womwewo. Akalipeza, mankhwala ake ndi praziquantel, a chipatala amapereka malinga ndi sikelo ya mwana.

Kochi wa ku Blantyre

Agogo ake ali ku Monkey Bay. Holide iliyonse amakhala komweko.

A physio, Lilongwe

Ine ndiyankhe za phewa. Ma paddles achoke lero, osati mawa. Paddle imakulitsa dzanja, ndiye katundu yense amagwera pa timinofu ting'onoting'ono togwira phewa. Mwana amene watalika masentimita 6, mkono watalikanso, koma timinofuto sitinafike. Akatopa chigongono chimagwa, dzanja limalowa m'madzi modutsa pakati pa mutu, ndipo mtsempha umapanikizika pa stroke iliyonse. Werengani ma stroke a mu mamita 5,000, muchulukitse ndi masiku 6.

Muimirire kumapeto kwa lane, mumujambule pa foni akubwera kwa inu. Muone zinthu ziwiri: ngati dzanja likudutsa mzere wa pakati, ndiponso ngati chala chachikulu ndicho chikuyamba kulowa m'madzi. Amapumira mbali iti?

Kochi wa ku Blantyre

Kumanzere kokhakokha, stroke yachiwiri iliyonse.

A physio, Lilongwe

Ndiye n'kutheka kuti akamapuma amatsamira pa mkono wakumanja uli wotambasuka, n'kumakanikiza madzi pansi kuti mutu udzuke. Pa training azipuma mbali zonse, pa stroke yachitatu. Pa mpikisano apume m'mene wazolowerera. Asanalowe m'madzi, mphindi 10 za lamba wokoka, chigongono chili m'nthiti, dzanja likupita kunja. Ngati malamba a ku pharmacy akudula, chubu chakale cha njinga chimagwira ntchito yomweyo. Kickboard (thabwa loyandama logwirira posambira ndi miyendo yokha) yogwira manja atatambasula imapwetekanso phewa lodwala, achite kick chagada kapena chammbali. Koma ngati ululu ukumudzutsa usiku, kapena akulephera kukweza mkono povala, ameneyo asasambire, abwere timuone.

Kochi wachinyamata, Mzuzu

Ndamva akuluakulu. Koma masabata 7 ndi ochepa. Akachepetsa pano, sakataya zonse pa gala? Ndipo pali ma supplement a ayironi ndi mapuloteni amene amagulitsa m'tauni, sangathandize mwachangu?

Mayi Kochi, Lilongwe

Ayi achimwene, ayironi samwa mwachisawawa, akachuluka amawononga. Ayambe wayezetsa, adokotala ndiwo alembe. Zamabotolo za ku gym zija muzitalikire, simudziwa zimene anasakanizamo, ndipo mwana akadzafika mipikisano ya Zone IV (ya maiko a kum'mwera kwa Africa) kapena ya World Aquatics (bungwe loyang'anira zosambira pa dziko lonse), choletsedwa chikapezeka m'thupi mwake mlandu ndi wake.

Chakudya ndiye tingathandizepo. Ambiri mwa ana athu amalowa m'madzi 5 koloko m'mawa m'mimba muli tiyi yekha. Adye kenakake, nthochi kapena buledi wa chiponde, ndipo akatuluka apeze phala la soya kapena dzira. Kunyumba usipa, chiwindi, nyemba, bonongwe, chisoso. Tiyi asamwere pa chakudya chifukwa amatsekereza ayironi, m'malo mwake lalanje, bwemba kapena malambe. Izi mayi ake akazimva adzazitsata kuposa ife.

Mdala wa ku Zomba

Za gala, mulembetseni 50 freestyle ndi 50 backstroke (kusambira chagada) basi, 100 ayisiye ulendo uno. Mamita abwerere pa 3,000, masiku 4. Mayeso a JCE ali pakhomo, chisanu chayamba, madzi a ku Blantyre nthawi ya chiperoni inu mukuwadziwa. Ma 25 a mnzathu wa ku Mzuzu alowe kamodzi pa sabata phewa likapola, pamenepo ndigwirizana naye.

Bambo akewo mukhale nawo pansi, osati pa foni. Za Joyce akunena zoona, ndipo Jessica Makwenda nayenso anapita ku Olimpiki ya ku Tokyo ali wamng'ono. Koma muwafotokozere kuti dziko limene lilibe wofika pa nthawi yoyenereza limapatsidwa malo a universality, mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Malo a mtsikana ndi amodzi dziko lonse, ndipo adzapita amene ali wathanzi ndi wothamanga chaka chimenecho. Muwakumbutsenso za Kirsty Coventry wa ku Zimbabwe. Ku Sydney mu 2000 anathera mu semi-final, mendulo sanaione. Golide wa 200 backstroke anabwera ku Athens mu 2004 ali ndi zaka 20. Wanuyu mu 2028 adzakhala asanafike n'komwe pamenepo.

Kochi wa ku Blantyre

Anzanga, ndabweranso patatha masiku 9. Mayi ake anapita naye kuchipatala Lachiwiri. Hb ili pa 10.4, ndipo mu mkodzo apezamo mazira a likodzo. Wamwa kale praziquantel, amupatsa mapiritsi a ayironi a miyezi itatu, akayezetsanso pakatha mwezi. Mayi ake andiuza kuti mwanayu wakhala akuvutika kumwezi kuyambira Novembala, ankaopa kunena kuti ndingamuchotse mu relay (mpikisano wolandizana wa timu). Mawu amenewo andilasa. Ndagwirizana ndi aphunzitsi aakazi a pasukulupa kuti azikumana ndi atsikana onse a timu kamodzi pa mwezi.

Vidiyo ndajambula, dzanja lamanja likudutsadi pakati. Ma paddles ndatsekera mu kabati. Bambo ake sanakondwe ndi zosiya 100, koma ataona pepala la kuchipatala anavomera. A physio, ndikutumizirani vidiyoyo ku inbox, mundiuze ngati backstroke ayambe sabata ino kapena tidikire.

A physio, Lilongwe

Ndaiona. Backstroke ayambe Lolemba, mamita 400 okha, mofatsa. Lachisanu mundiuze m'mene phewa lagonera usiku.