Matenda a pakhungu ndi m'kamwa kwa amene ali ndi HIV ku Madagascar

Wophunzira za chipatala:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ku Madagascar anthu achikulire amene ali ndi kachirombo ka HIV sakwana mmodzi pa anthu 100 alionse, ndipo ambiri mwa iwo sanayezetse magazi. Kodi matenda a pakhungu ndi m'kamwa amene amawagwira ndi omwewa timawaona kuno kwathu, kapena kumeneko kuli zina zosiyana?

Namwino wopuma pantchito:
Ambiri ndi omwewa, mwananga: mashingozi, mphere zosamva mankhwala, totupa toyabwa m'manja ndi m'miyendo, zoyera zomata palilime ndi m'masaya zimene zikapalidwa zimasiya pofiira, komanso khansa ya Kaposi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limagawa matenda a HIV m'magawo anayi malinga ndi kukula kwake, ndipo limaika mashingozi pa gawo 2, zoyera za m'kamwa zosatha pa gawo 3, ndipo zikatsikira kummero moti wodwala akumva ululu pomeza, ndiye kuti wafika pa gawo 4 limodzi ndi Kaposi. Vuto ndi lakuti kumene kachiromboka sikofala, wachipatala angathe kupereka mankhwala opaka kangapo osaganiza zoyeza magazi, choncho munthu amadziwika chitetezo cha m'thupi chitatsika kale.

Woyeza za m'labotale:
Mayi afotokoza bwino, koma pali china chimene chimasiyanitsa dzikolo. Madagascar ndi limodzi mwa mayiko amene kumapezeka kwambiri matenda a chromoblastomycosis, omwe amayamba tizilombo ta mtundu wa nkhungu tikalowa pamene mlimi woyenda opanda nsapato wabayidwa ndi minga kapena kachitsotso. Mwendo umatuluka zotupa zokhakhala ngati njerewere, zimene zimakula pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo pakhungu lakuda n'zosavuta kuzisokoneza ndi Kaposi, amenenso amakonda miyendo. Mankhwala ake ndi osiyana kotheratu, n'chifukwa chake ine sindingakhulupirire maso okha. Pamafunika kudula kachidutswa ka khungu n'kukayang'ana pa maikulosikopu. Ku Antananarivo, likulu la Madagascar, chipatala cha Joseph Raseta Befelatanana chili ndi gawo la matenda a pakhungu, koma mlimi wa kummwera sangafikeko mosavuta. Khate nalonso lidakalipo m'dzikomo.

Namwino wopuma pantchito:
Tisaiwalenso chindoko, chimene chimaonetsa mawanga m'zikhato ndi kumapazi, komanso zidzolo zobwera ndi mankhwala monga bakitirimu ndi nevirapine. Wodwala akatuluka matuza ndi zilonda m'milomo ndi m'maso atangoyamba mankhwalawa, apite kuchipatala tsiku lomwelo.