Ndani anajambulapo ndi kabowo m'malo mwa lens?

Anzanga okonda kujambula, ndigawireniko nzeru. Ndachotsa lens pa kamera yanga ya Canon EF, ndaboola pakati chivindikiro chotseka pamalo pa lens pa kamerayo, n'kumatapo kachidutswa ka chitini komwe ndakabaya ndi singano. Zithunzi zikutuluka ndithu, koma zili mbuu, ndipo kuthambo kukuoneka timadontho takuda. Ndikuganiza kuti ndi fumbi la pa sensa (kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera), popeza kabowo kakang'ono chonchi kamaonetsa kachitsotso kalikonse.

Chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi kukula kwa bowolo. Pa mtunda wa mamilimita pafupifupi 44 kuchokera pa sensa, liyenera kukhala la mamilimita cha m'ma 0.25. Inu mumaliyeza bwanji popanda zida zapadera? M'mphepete mwake mumasalaza ndi chiyani? Nanga padzuwa, pa ISO 100 (muyeso wa momwe sensa imamvera kuwala), kamera ili pa tripod (choimikapo cha miyendo itatu), shata (kachitseko kolowetsa kuwala) izikhala yotseguka nthawi yaitali bwanji?