Ulendo wa ku Afriski Lachisanu: pemiti yanga ikutha tili kuphiri, ndithandizeni

Mayi a Tadala (Randburg): Moni nonse abale ndi alongo a pagulu pano. Ndili ndi nkhani yofuna yankho msanga. Abwana anga akupita ndi banja lawo ku Afriski, malo otsetsereka pa chipale chofewa amene ali m'mapiri a Maloti ku Lesotho, ndipo akufuna kuti ndipite nawo ndizikayang'anira ana awo awiri pamene iwo ali kumasewero. Tinyamuka Lachisanu m'mawa, tidzabwerera Lachiwiri. Vuto ndi lakuti pemiti yanga yokhalira mu South Africa ikutha Lamlungu tili komweko. Pempho loti aiwonjezere ndinapereka kale ku VFS, kampani imene imalandira mapempho a mapemiti m'malo mwa boma la South Africa, ndipo lisiti ndili nalo, koma yankho silinatuluke. Funso langa ndi limodzi: ndikatuluka ndi lisiti limeneli, kodi pa boda adzandilola kulowanso mu South Africa? Adona akuti palibe vuto chifukwa Lesotho ali m'kati mwa South Africa, koma mtima wanga sukukhazikika.

Dalaivala wa ku Germiston: Achemwali, msewu umenewo ndimaudziwa bwino, ndipo muwauze abwana anuwo kuti anyamuke kusanache. Kuchokera ku Johannesburg mutsata N3 mpaka ku Warden, kenako Bethlehem ndi Fouriesburg, n'kulowa mu Lesotho pa chipata cha Caledonspoort. Mukapitirira tauni ya Butha-Buthe mumagwira msewu wa A1, umene umakwera phiri la Moteng mokhotakhota kwambiri. Anthu amati ndi ulendo wa maola asanu, koma m'nyengo yozizira musawerengere choncho, chifukwa madzi amaundana pa tala m'malo amene dzuwa silifika, ndipo galimoto imaterereka ngakhale woyendetsa akhale wosamala chotani. Amwetse mafuta okwanira ku Butha-Buthe, aonetsetse kuti mu rediyeta muli antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana, ndipo tsiku lotsika agwiritse ntchito giya yaing'ono m'malo mopondereza mabuleki, chifukwa akatentha amasiya kugwira. Akumbukirenso kuti mathiraki opita ku mgodi wa dayamondi wa Letšeng amadutsa msewu womwewo.

Bambo a Mphatso (Kempton Park): Musaiwale kuwauza kuti popanda galimoto ya 4x4, yokoka ndi matayala onse anayi, sakakulolani n'komwe kudutsa pa boda. Mlamu wanga anabwezedwa ndi galimoto yake yaing'ono, ndipo anagona m'njira ndi ana.

Dalaivala wa ku Germiston: Achimwene, mukusokoneza misewu iwiri. Kumene amafuna 4x4 ndi ku Sani Pass, kumene anthu amakwera kuchokera ku Underberg m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Njira ya ku Caledonspoort ndi ya tala mpaka pa Afriski, ndipo magalimoto wamba amafika kukakhala kuti sikunagwe chipale. Chikagwa chochuluka pamafunika matcheni kumatayala, apo ayi msewu amautseka mpaka aulambule. Ine ndimalankhula zimene ndinaona ndili pa chiwongolero, osati zomva kwa alamu.

Bambo a Mphatso (Kempton Park): Kuyendetsa galimoto sikutanthauza kuti mumadziwa zonse, achimwene. Enafe tinabwera ku Joni kuno inu musanayambe n'komwe sukulu ya udalaivala.

Anambewe a ku Clarens: Tasiyani kukangana, abambo inu, mayiyu akupita kukazizira kumene sanakuonepo. Ine ndimagwira ntchito pa nyumba yogona alendo kuno ku Clarens, ndipo ambiri opita ku Afriski amagona kwathu, choncho ndimaona mmene amapitira ndi mmene amabwerera. Achemwali, juzi limodzi lalikulu silithandiza. Muvale zovala zingapo mosanjikiza: chothina cham'kati, juzi pamwamba pake, ndi jekete yosalowa madzi ndi mphepo kunja kwake, kuti mukalowa m'nyumba yofunda muzivula chimodzichimodzi. Buluku la jini musalidalire, chifukwa likanyowa limaumitsa miyendo ndipo limachedwa kuuma. Mutenge magolovesi osalowa madzi, chipewa chophimba makutu, masokosi ochindikala oposa peyala imodzi, ndi nsapato zokhala ndi mapazi ogwira pansi. Chitenje munyamule ndithu, koma muzichikulunga pamwamba pa buluku. Chimene ambiri a ife sitikhulupirira ndi dzuwa la kumeneko: limawala kuchokera kumwamba, limanyezimiranso kuchokera pa chipale, moti ngakhale ife akhungu lakuda timapsa nkhope, milomo imang'ambika, ndipo maso amaluma usiku. Magalasi a dzuwa ndi mafuta oteteza khungu n'zofunika kwa inu monga momwe zilili kwa ana a abwanawo.

Mnyamata wa ku Ntcheu: Pepani akuluakulu, ine ndangofika mwezi watha. Kodi ku Afriski kumeneko akulemba ntchito? Ndamva kuti woperekera zakudya kumeneko amalandira ndalama zoposa za mphunzitsi, ndipo safunsa mapepala. Wina anditumizireko nambala ya bwana wake.

Agogo a pagulu (Rosettenville): Mwana wanga, pagulu pano timayamba tawerenga vuto la mnzathu tisanaike lathu. Mayi akufunsa za pemiti, iwe ukufunsa za ntchito m'dziko limene sunaliwone ngakhale pa mapu. Lesotho ali ndi anthu ake ambiri ofuna ntchito, ena mwa iwo ali kuno ku Gauteng monga ife, ndipo munthu amene akukulonjeza ntchito yopanda mapepala kuphiri akufuna ndalama zako zoyendera basi. Manambala a anthu sitiika pagulu pano. Khala phee kaye uphunzire mmene timachitira.

Mnyamata wa ku Ntcheu: Ndamva agogo, ndapepesa.

Mphunzitsi wakale (Pretoria): Ndiwonjezere pa zimene anena Anambewe, pa nkhani ya kutalika kwa malowo. Afriski ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 3,050 kuchokera pa nyanja yamchere, pafupi ndi mpata wa Mahlasela umene uli pa mamita 3,222. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, imene kwathu timaiopa, ili pa mamita 3,002, kutanthauza kuti mudzakhala mukugona ndi kudya pamalo okwera kuposa Sapitwa. Pamtunda wotere mpweya umapepuka, ndipo munthu amapuma mwawefuwefu akangokwera masitepe ochepa, mutu umapweteka, tulo sitibwera bwino usiku woyamba. Ana sanena zimenezi momveka. Amangolira, kukana chakudya, kapena kufooka. Muziwamwetsa madzi pafupipafupi ngakhale asanene kuti ali ndi ludzu, ndipo tsiku loyamba asathamange kwambiri. Ngati mwana akusanza kapena akupuma movutika ali chikhalire, muwauze makolo ake nthawi yomweyo kuti atsike naye kumunsi ndi kukaonana ndi adokotala. Ngati inuyo muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena mphumu, mankhwala anu akhale m'chikwama cha m'manja.

Bambo a Mphatso (Kempton Park): Komanso mudziwe kuti chipale cha kumeneko si chenicheni, amachipanga ndi mankhwala. Ana asachiike m'kamwa, ndamva kuti chimayambitsa chifuwa chosachizika.

Mphunzitsi wakale (Pretoria): Zoti amachipanga n'zoona, koma zinazo ayi. Makina amapopera madzi m'mwamba mwamphamvu usiku kukazizira kwambiri, timadontho timaundana tisanafike pansi, ndipo m'mawa amasalaza njira yotsetserekapo. Amatero chifukwa nyengo yozizira ya kuno ndi youma, ndipo chipale chogwa chokha sichingadalirike kuyambira June mpaka August, miyezi imene masewerowa amachitika. N'chifukwa chake mukafika mudzaona mzere umodzi woyera, wotalika pafupifupi kilomita imodzi, pakati pa mapiri a udzu wouma. Mwana asadye chipale chifukwa anthu amachiponda ndi nsapato, osati chifukwa cha chifuwa.

Nasibeko (Aviemore, Scotland): Ndikuwerenga ndili kuno kumpoto, kumene ndimasamalira okalamba. Ifenso tili ndi phiri la masewero omwewa, Cairn Gorm, koma ndi lalifupi, mamita 1,245 okha, ndipo nyengo yathu ndi yosemphana ndi yanu: inu mukutsetsereka mu July, ife tikuyembekezera January. Chimene chimativuta kuno ndi mphepo ndi mdima wa msanga. Koma kunena zoona, mwangotchula Sapitwa, mtima wanga wapita kwathu ku Mulanje. Nthawi ngati ino chiperoni chimakhala chakuta minda ya tiyi, mayi anga atayatsa moto m'khitchini, mbatata zili paphulusa, ife tikuwotha tisanapite kusukulu. Kuzizira kwa kwathu kunali ndi anthu owothera nawo moto. Chaka chino sindipitanso, tikiti yakwera.

Anambewe a ku Clarens: Limbani mtima, achemwali a ku Scotland, tonse tili momwemo. Koma poti mwatchula moto, ndichenjeze: wina asayerekeze kulowetsa mbaula m'chipinda chotseka, kaya kuphiri kaya m'zipinda zathu zino za lendi. Utsi wa makala sumveka fungo ukayamba kupha, munthu amangogona osadzukanso, ndipo chaka chilichonse nyengo ino timasonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi. Achemwali a ku Randburg, mufunse abwana anu lero lomwe kuti inuyo mukagona chipinda chiti, ndiponso ngati muli chotenthetsera chamagetsi ndi mabulangete okwanira. Musachite manyazi kufunsa zimenezo.

Mlembi wa kwaya (Soweto): Ine ndinapitako mu December ndi anzanga a kutchalitchi, ndipo ndikuti amene akufuna kuona Lesotho bwino apite m'chilimwe cha kuno, mvula itayamba. Chipale kulibe, koma mapiri onse amabiriwira, mitsinje imadzaza, ndipo pamalo omwe anthu amatsetsereka mu July pamakhala okwera njinga zam'mapiri, othamanga ndi oyenda pansi. Othamanga ena amapita dala kukachita masewero olimbitsa thupi pamtunda wotero kuti mapapo awo azolowere mpweya wochepa. Tinakumana ndi abusa a nkhosa atafunda mabulangete awo a Chisotho, ena ali pa akavalo, ndipo tinaphunzira kuti munthu umayamba wapereka moni ndi kupempha usanajambule wina chithunzi. Komabe musanyengedwe ndi mawu akuti chilimwe. Dzuwa likangolowa kumazizira moti jekete imafunikabe, ndipo masana mitambo imasonkhana mwadzidzidzi n'kubweretsa mphenzi ndi matalala. Kumtunda kulibe mitengo kapena nyumba zobisalamo, choncho maulendo apansi muziyamba m'mawa kuti pofika masana mukhale mutatsika. Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti madzi ena amene timamwa kuno ku Gauteng amachokera m'mapiri omwewo, kudzera m'damu la Katse ndi ngalande zapansi pa nthaka, malinga ndi pangano limene Lesotho ndi South Africa anasainirana mu 1986.

Dalaivala wa ku Germiston: Mu December msewu umakhala ndi nkhungu ndi miyala yogumuka ndi mvula, musawauze anthu ngati kuti ndi kosavuta. Pa za ndalama, randi imagwira ntchito mu Lesotho ndipo mphamvu yake ndi yofanana ndi ya loti, koma chenje cha maloti muchithere komweko chifukwa masitolo a kuno sachilandira. Foni nayonso musamale: mukangowoloka, layini yanu ya South Africa imayamba kudya mayunitsi ngati muli kunja, pakuti mulidi kunja.

Mayi a Tadala (Randburg): Zikomo nonse, za zovala ndi za ana ndazilemba. Koma funso langa la pemiti palibe amene waliyankha, ndipo masiku akutha.

Bambo a Mphatso (Kempton Park): Limenelo n'losavuta, mayi. Aliyense amadziwa kuti ukatulukira ku Lesotho n'kubwerera amakudindira masiku atsopano. Anthu amachita zimenezi mwezi ndi mwezi.

Agogo a pagulu (Rosettenville): Mayi a Tadala, mumvetsere bwino, chifukwa malangizo amene mwapatsidwa pamwambapa awonongetsa anthu ambiri. Choyamba, adona anu akulakwitsa. Lesotho ndi dziko loima palokha kuyambira mu 1966, ndipo pa Caledonspoort amadinda pasipoti potuluka ndi polowa monga pa Beitbridge kapena pa Mwanza. Chachiwiri, lisiti la ku VFS ndi umboni wakuti munapereka pempho, si chilolezo cholowera m'dziko. Mukatuluka Lachisanu pemiti yanu idzakhala isanathe, choncho potuluka sipadzakhala mlandu. Vuto lili pobwerera Lachiwiri, pamene mudzaima pa windo ndi pemiti yakutha. Pasipoti ya Malawi imaloledwa kulowa mu South Africa ngati mlendo kwa masiku osapitirira 30, koma chiwerengero cha masikuwo amagamula ndi wogwira ntchito pa boda, ndipo chidindo cha mlendo sichikulolani kugwira ntchito. Mungathe kupezeka kuti mwalowa koma mwasintha mkhalidwe wa mapepala anu pamene pempho lanu lidakali m'njira. Ndipo onse amene akuwerenga adziwe kuti kuyambira mu 2014, wotuluka atapitiriza masiku ake amaletsedwa kulowanso: chaka chimodzi ngati sanapitirire masiku 30, zaka zisanu ngati wapitirira pamenepo. Nthawi zina a Home Affairs, nthambi ya boma la South Africa yoona za olowa ndi otuluka, amatulutsa chikalata chopepukitsa malamulowa kwa anthu amene akudikira mayankho, koma chimakhala ndi malire a masiku ndi mitundu ya mapemiti, choncho muyenera kuchiona ndi maso anu, osati kumva pagulu. Mawa m'mawa abwana anu apite nanu ku VFS kapena kwa loya wa za olowa ndi otuluka, mutenge pasipoti ndi lisiti, ndipo yankho alilembe. Ngati silikumveka bwino, musawoloke, kapena mugwirizane kuti inuyo mubwerere Loweruka pemiti isanathe. Iwo akataya ndalama ya chipinda chimodzi adzaipezanso, koma inu muli ndi ana kumudzi amene fizi yawo imachokera m'manja mwanu.

Bambo a Mphatso (Kempton Park): Ine ndimangonena zimene anthu amachita, agogo.

Mnyamata wa ku Ntcheu: Agogo, ndifunse nawo mwaulemu: masiku 30 amenewo amayamba kuwerengedwa tsiku limene ndinadindidwa pa Beitbridge?

Agogo a pagulu (Rosettenville): Tsegula pasipoti yako uwerenge tsiku limene analemba pa chidindo, chifukwa lomwelo ndilo lamulo kwa iwe. Ngati unafika mwezi watha, undiyimbire usiku uno tikambirane patokha.

Mayi a Tadala (Randburg): Agogo, uthenga wanu ndawaonetsa adona, ndipo avomera kuti tipite limodzi kukafunsa mawa m'mawa ana akapita kusukulu. Anena kuti ngati yankho likhala lokayikitsa, ine nditsala kuno ndi malipiro anga onse, ndipo ana akawayang'anira okha mosinthana. Anambewe, ngati ulendo utheka ndidzakulemberani tikamadutsa ku Fouriesburg. Kodi magolovesi osalowa madziwo ndingawapeze ku Bethlehem, kapena ndigulire kuno?

Anambewe a ku Clarens: Mugulire komweko ku Randburg Lachinayi, achemwali, ndipo muyese kaye kuwavala musanalipire. Lachisanu abwana anu adzakhala akuthamangira pa boda, sadzaima m'masitolo.