Mng'ono wanga anazolowera tramadol, njira yolera yomuyenera ndi iti?

Membala wobisa dzina, Luchenza:
Abale, ndigawireni nzeru. Mng'ono wanga wa zaka 24 akapanda kumwa tramadol amatuluka thukuta, kunjenjemera ndi kusanza. Ali ndi mwana mmodzi, wina sakumufuna pakali pano, koma mapiritsi olera amaiwala. Watha miyezi inayi osasamba, ndiye akuti mimba sangatenge. Ndi zoona? Nanga jakisoni sangalimbane ndi tramadol m'thupi? Kuchipatala akuopa kukakalipiridwa.

Namwino wa za uchembere:
Achemwali, si zoona. Tramadol, codeine wa m'mankhwala ena a chifuwa, pethidine, morphine ndi heroin ndi gulu limodzi. Amasokoneza uthenga wochokera ku ubongo wolamula mazira, n'chifukwa chake msambo umadumpha kapena kuima. Koma dzira likhoza kukhwima mwezi uliwonse, ndipo limatuluka pafupifupi milungu iwiri magazi asanaoneke, mayi osadziwa kanthu. Akayamba kuchepetsa tramadol, mphamvu yobereka imabwerera msanga.

Choyamba akayezetse mkodzo. Akapezeka alibe mimba koma anagonana popanda kondomu posachedwapa, abwereze pakatha milungu itatu kapena inayi. Ngati sipanathe masiku 5 chigonanirane, apemphe mapiritsi olera a pangozi lero lomwe, chifukwa mphamvu yake imachepa akachedwa.

Tramadol safooketsa njira iliyonse yolera. Vuto la mapiritsi ndi kuiwalako, komanso kusanza: akasanza pasanathe maola awiri, ndi ngati sanamwe. Ine ndingamulozere njira yosafuna kukumbukira. Ya pamkono, Implanon ndi ya zaka 3, Jadelle zaka 5, ndipo lupu amafika zaka 10. Jakisoni wa Depo ndi wa milungu 13 iliyonse. Akachedwa ndi milungu yosapitirira 4 amabayidwabe bwinobwino. Kuchipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje zonsezi ndi zaulere.

Clinical officer, Mulanje:
Ndiwonjezere pa za amayi anamwino. Mankhwala amene amafooketsa njira ya pamkono ndi mapiritsi ndi awa: rifampicin wa TB, efavirenz (mtundu wina wa ma ARV), ndi mankhwala a khunyu monga carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone. Amachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala olera mofulumira. Ndikutchula a khunyu dala, popeza tramadol wambiri amagwetsa munthu ngati wakhunyu, ndipo ena amapatsidwa mankhwalawa chifukwa sanaulule chimene chinawagwetsa. Womwa amenewa asankhe Depo kapena lupu. Ma ARV a TLD alibe vuto limeneli. Depo wa zaka zambiri amachepetsa pang'ono kulimba kwa mafupa, monganso mankhwala a gulu la tramadol, ndiye akambirane ndi anamwino akafuna kukhalitsa naye.

Membala wobisa dzina, Luchenza:
Zikomo adokotala. Akapezeka ndi mimba, timulande mankhwalawo basi?

Namwino wa za uchembere:
Ayi chonde, musatero! Kusiya mwadzidzidzi kumazunza mayi ndi mwana wam'mimba yemwe. Mimba ikhoza kuchoka kapena mwana kubadwa masiku asanakwane. Ayambe sikelo sabata yomweyo, anene mtundu wa mankhwala, makapisozi angati pa tsiku ndi a mamiligalamu angati. Kuchepetsa kapena kusintha mankhwala akonze ndi adokotala. Akachirire kuchipatala chachikulu, ndipo asafulumire kutuluka: khanda lozolowera mankhwalawa limayamba kulira kosatonthola, kunjenjemera, kulephera kuyamwa ndi kutsegula m'mimba, kawirikawiri m'masiku atatu oyamba, ndipo liyenera kuyang'aniridwa masiku 4 mpaka 7. Za kuyamwitsa afunsenso, chifukwa tramadol ndi codeine zimalowa mu mkaka ndipo zingagonetse mwana mpaka kupuma movutika.

Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi:
Za manthazo, mumuperekeze inuyo. Kuti alandire njira yolera sikufunika kuti ayambe wasiya tramadol, ndipo zimene wauza namwino ndi zachinsinsi. Koma asankhe yekha. Wokakamizidwa kuika ya pamkono amabwera mwezi wamawa kudzachotsetsa. Mumuuziretu kuti pa miyezi yoyamba ya njira ya pamkono magazi amadontha mosatsata masiku, si matenda. Makondomu atengebe, ayezetse HIV, ndipo ngati alibe kachilombo afunse za PrEP, mankhwala oteteza ku HIV. Akadzagona osadzutsika, kupuma pang'onopang'ono, milomo itada, mugonekeni cham'mbali n'kuthamanga naye kuchipatala. Ngoziyi imakula akaphatikiza ndi mowa kapena diazepam, mankhwala ogonetsa.